Nkhokwe mkati mwa nkhokwe: msampha wobisika pa ntchito yolemba mapulogalamu

Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, imayendera malangizo olembedwa ndi anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo osadziwana ngakhale nkhope. Malangizowo, omwe akatswiri amawatchula kuti source code, sasungidwa pamalo amodzi. Ali m'nkhokwe mazanamazana, iliyonse ndi eni ake, mbiri yake ndi nthawi yake yosinthira. Kuti papangidwe pulogalamu yoyendetsa foni, nkhokwe zonsezo ziyenera kukumana pa kompyuta imodzi, iliyonse pamalo ake, ndipo iliyonse ikhale pamsinkhu wogwirizana ndi zinzake. Pa ntchito yosonkhanitsayi pali funso limodzi lomwe lazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoyandikira 20: tizitani nkhokwe imodzi ikapezeka mkati mwa inzake?

Mawu akuti nkhokwe tikuwagwiritsa ntchito m'malo mwa dzina lomwe eni ntchitoyi amalidziwa, repository, kapena mwachidule repo. Imeneyi ndi foda ya pa kompyuta yomwe imasunga mafayilo a pulogalamu pamodzi ndi kaundula wa kusintha kulikonse komwe kwachitika m'mafayilowo chiyambire. Wolemba pulogalamu akamaliza kachigawo ka ntchito, amalamula kompyuta kuti ijambule mmene mafayilo onse alili panthawiyo. Chithunzicho chimatchedwa commit, ndipo chimapatsidwa chizindikiro chakechake cha zilembo ndi manambala 40. Zinthu zikasokonekera mawa, munthu atha kubwerera ku commit ya dzulo kapena ya chaka chatha, n'kuona yemwe anasintha mzere wakutiwakuti, tsiku lomwe anausintha komanso chifukwa chomwe anapereka.

Chida chotchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi Git. Anayambitsa ndi Linus Torvalds wa ku Finland, mwini wa Linux, mu Epulo 2005, anzake olemba Linux atalandidwa chilolezo chogwiritsa ntchito mwaulere chida china chotchedwa BitKeeper. Git imasunga kaundula wake yense m'kafoda kobisika kotchedwa .git, komwe kamakhala pamwamba penipeni pa nkhokwe. Kafodako ndiko umboni wa umwini. Mukalamula Git kuchita chilichonse, imayamba yayang'ana pamene mwaima, ikapanda kupeza.git imakwera foda imodzi, kenako ina, mpaka itakumana nako. Koyamba kupezeka ndiko kolamulira. Ikamatsika kuwerenga mafayilo, lamulo ndi lomwelo: ikafika pa foda yomwe ili ndi .git yakeyake, imaima pakhomo osalowa.

Tiyerekeze ndi gulupu yemwe akulemba kaundula wa dera lake. Akafika pamudzi wa nyakwawa ina salemba mabanja ake limodzilimodzi. Angolemba kuti pano pali mudzi wa uje, za mkatimo akafunsidwe mwini mudzi. Dongosolo lotere ndi labwino malinga ngati aliyense akudziwa kuti pali akaundula awiri. Vuto limabuka munthu akamaganiza kuti buku la gulupu lili ndi zonse.

Ambiri amakumana ndi msamphawu mosayembekezera, makamaka ophunzira. Munthu akulemba pulogalamu yake, ndipo akufuna kachigawo komwe wina analemba kale. Akukopa nkhokwe ya mnzakeyo kuchokera pa GitHub, n'kuiika mkati mwa foda ya ntchito yake. Kwa milungu ingapo akusintha mafayilo a mkatimo kuti agwirizane ndi zofuna zake, ndipo madzulo aliwonse akutumiza ntchito yonse pa intaneti, mtima uli m'malo kuti chilichonse chasungika. Koma Git sinalowemo m'foda ija. Chomwe yakhala ikulemba ndi kamzere kamodzi konena kuti pamalopa pali nkhokwe ina, yomwe ili pa commit yakuti. Git yamakono imachenjeza zikatere, kungoti chenjezolo limadutsa pakati pa mizere yambiri ndipo wothamanga saliwerenga. Laputopu ikabedwa kapena kuwonongeka, mwiniwake amapeza kuti pa GitHub foda ija ilipo ndithu, ili ndi kamuvi pachithunzi chake, koma siitseguka. Ntchito yonse ya mkatimo inali pa laputopu pokha.

Wina angafunse kuti n'kuikiranji nkhokwe mkati mwa inzake ngati zili zoopsa chotere. Yankho ndi lakuti palibe pulogalamu yaikulu yomwe imalembedwa yonse ndi gulu limodzi. Wofuna kupanikiza mafayilo kuti achepe amatenga zlib, yomwe Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anaitulutsa mu 1995. Wofuna kubisa uthenga amatenga OpenSSL, ndipo wofuna posungira zinthu mwadongosolo amatenga SQLite. Njira yachidule ndiyo kungokopa mafayilo a eni akewo n'kuwaphatikiza ndi ako ngati kuti ndiwe unawalemba. Zimagwira ntchito, koma eni ake akakonza cholakwika chaka chamawa, iwe sudziwa, ndipo ukadziwa umavutika kusiyanitsa zomwe unasintha wekha ndi zomwe asintha iwo. Kusunga nkhokwe ya mnzako yathunthu, ndi mbiri yake, ndiko kumathandiza kuti chingwe chisaduke.

Git inabweretsa njira yovomerezeka yochitira zimenezi mu 2007, pansi pa dzina lakuti submodule. Lingalirolo silinali lachilendo, poti chida chakale cha Subversion chinali ndi njira yofananako yotchedwa externals. Pa submodule nkhokwe yakunja imasunga zinthu ziwiri zokha zokhudza yamkati. Choyamba ndi fayilo yotchedwa .gitmodules, momwe mumalembedwa malo omwe nkhokwe yamkati ikhale ndi adiresi ya pa intaneti yoitengako. Chachiwiri ndi chizindikiro chija cha zilembo 40, chonena commit yeniyeni yomwe ikufunika. Ubwino wake ndi waukulu: munthu wa ku Blantyre ndi mnzake wa ku Oslo akatenga pulogalamuyo tsiku limodzi kapena motalikirana zaka zisanu, onse alandira mafayilo ofanana ndendende, chifukwa chizindikirocho sichisuntha chokha.

Komabe ndi ochepa mwa olemba mapulogalamu omwe amaikonda submodule, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Wokopa nkhokwe mwachizolowezi, ndi lamulo la git clone, amalandira mafoda a ma submodule ali opanda kanthu. Ayenera kudziwa kuwonjezera mawu akuti --recurse-submodules, kapena kulamula pambuyo pake kuti git submodule update --init. Mlendo pa ntchitoyo amatha tsiku lathunthu akufunafuna chifukwa chomwe pulogalamu ikukanira kuyenda. Chinanso, nkhokwe yamkati imaikidwa pa commit imodzi osati pa nthambi, ndiko kuti mzere wa ntchito wokhala ndi dzina. Munthu akasintha zinthu mmenemo osayamba wasankha nthambi, ntchito yake imakhala ngati mbuzi yopanda chingwe: lamulo lotsatira lobwezeretsa submodule pamalo ake limamuchotsa pamenepo, ndipo kuti aipezenso ntchitoyo amachita kufukula.

Vuto lomwe limakwiyitsa kwambiri anthu ogwira ntchito pagulu ndi la dongosolo la katumizidwe. Tinene kuti mwakonza cholakwika m'nkhokwe yamkati, mwalemba commit yatsopano, kenako mwauza nkhokwe yakunja kuti iziloza pa commit imeneyo. Mwatumiza yakunja ku seva, koma yamkati mwaiwala. Anzanu onse tsopano ali ndi kaundula woloza chinthu chomwe chili pa kompyuta yanu yokha. Pa kompyuta yanuyo zonse zikuyenda bwino, ndipo n'chifukwa chake mumachedwa kukhulupirira madandaulo awo. Git ili ndi mpanda woteteza zimenezi: mukamatumiza n'kuwonjezera --recurse-submodules=check, imakana kutumiza yakunja ngati yamkati isanapite. Koma mpandawo umatseka pokhapokha munthu atakumbukira kuutseka.

Panabweranso njira ina, git subtree, yolembedwa ndi Avery Pennarun, yomwe inalowa m'gulu la zida zotsagana ndi Git mu 2012. Iyo imathetsa nkhaniyi pochotseratu nkhokwe yamkati: mafayilo ndi mbiri ya mnzako zimameredwa m'kaundula wako, kotero wokopa amalandira zonse nthawi imodzi. Mtengo wake umalipidwa pobweza zomwe wakonza kwa eni ake, ntchito yomwe imafuna kusamala. Ku mbali ya Mercurial, chida chomwe chinabadwa chaka chimodzi ndi Git, kuli njira yotchedwa subrepository, koma olemba chidacho eni ake amaiika m'gulu la zinthu zogwiritsa ntchito pokhapokha njira zina zonse zitakanika.

Nkhokwe zikafika mazana, submodule imalemera. Apa ndi pomwe panabadwira zida zapadera zoyang'anira nkhokwe zambiri nthawi imodzi. Google itatulutsa poyera source code ya Android mu 2008, inatulutsanso chida chotchedwa Repo, cholembedwa m'chiyankhulo cha Python. M'malo moti nkhokwe imodzi ikhale kholo la zinzake, pamakhala mndandanda wapadera wotchedwa manifest, wonena dzina la nkhokwe iliyonse, kokaitenga, malo oiika ndi msinkhu wofunika. Lamulo limodzi, repo sync, limazitenga zonse. Olemba Chromium, maziko a Google Chrome, ali ndi chida chawo chotchedwa gclient, chomwe chimawerenga mndandanda m'fayilo ya DEPS. Olemba mapulogalamu a maloboti pa ROS amagwiritsa ntchito vcstool, pomwe a Zephyr, pulogalamu yoyendetsa timakina ting'onoting'ono, ali ndi west.

Munthu angaganize kuti mndandanda wakunjawu wathetsa vuto la nkhokwe zolowana. Sunalithetse. Unangolisamutsa kuchoka kwa Git kupita kwa wolemba chidacho, yemwe tsopano ayenera kuyankha mafunso omwe Git inawazemba poima pakhomo.

Loyamba ndi la kafufuzidwe. Mukauza chida kuti chikuonetseni zomwe zasintha m'nkhokwe zonse za pansi pa foda yakuti, chimayendayenda m'mafoda kufunafuna .git. Chikapeza nkhokwe, kodi chilekere pomwepo kapena chilowe kukafufuza ngati muli ina mkatimo? Kulowa paliponse kumadya nthawi, poti nkhokwe imodzi itha kukhala ndi mafoda zikwi makumi angapo, komanso chidacho chitha kugwira ma submodule omwe ali kale ndi wowayang'anira. Kusalowa kumabisa nkhokwe zina, ndipo munthu amauzidwa kuti palibe chasintha pomwe mkatimo muli ntchito yosatumizidwa. Chida cha vcstool chinasankha kuima pa nkhokwe yoyamba, kupatula mwiniwake atawonjezera mawu akuti --nested. Sikulakwa kusankha motero. Choopsa ndi wogwiritsa ntchito kusadziwa kuti panali kusankha.

Lachiwiri ndi la yemwe ayambe kufika. Zida zimenezi zimakopa nkhokwe zingapo nthawi imodzi pofuna kufulumira. Koma Git imakana kukopera nkhokwe m'foda yomwe ili kale ndi zinthu. Nkhokwe yaing'ono yamkati ikathamanga n'kufika msanga, imapanga foda ya yakunja kuti ipeze pokhala, ndipo yakunjayo ikafika imapeza malo ake muli kale katundu, n'kukana kulowa. Cholakwika chotere n'chovuta kuchigwira chifukwa sichichitika nthawi zonse: chimadalira yomwe yafulumira tsiku limenelo. Chida cholembedwa bwino chimayamba chayerekeza malo a nkhokwe zonse, n'kuimika yamkati mpaka yakunja itakhazikika. Pofufuta, dongosolo limatembenuka, chifukwa kuchotsa foda ya yakunja kumapita nayo yamkati, pamodzi ndi ntchito iliyonse yomwe inali isanatumizidwe.

Palinso nkhani ya mmene nkhokwe yakunja imaonera mlendo yemwe chida chamuika m'nyumba mwake. Mndandanda umadziwa za nkhokwe yamkati, koma Git ya kunja siidziwa. Kwa iyo, imeneyo ndi foda yachilendo yosalembedwa m'kaundula, ndipo imaionetsa nthawi iliyonse munthu akafunsa mmene zinthu zilili. Tsiku lina wina wotopa adzalamula kuti zonse zilembedwe, ndipo padzabadwa kamzere kaja koloza commit kopanda adiresi yokaitenga. Mankhwala ake ndi ophweka: dzina la fodayo lilembedwe m'fayilo ya .gitignore ya nkhokwe yakunja, kuti Git izilambalala. Olemba Git anaikanso chitetezo pa lamulo losesa mafayilo osalembedwa, git clean, lomwe silikhudza nkhokwe yamkati pokhapokha munthu atalemba chilembo chokakamiza, f, kawiri. Tsoka lake, malangizo ambiri omwe anthu amakopa pa intaneti osawamvetsa amabwera ndi f wachiwiriyo ali kale pomwepo.

Funso lovuta kuposa onse ndi la mindandanda yolowana. Mu Chromium, pulogalamu ya V8, yomwe imayendetsa JavaScript, ndi nkhokwe payokha yomwe imaikidwa mkati mwa foda ya Chromium. Koma V8 nayo ili ndi fayilo yake ya DEPS, yotchula zomwe iyo imafuna. Kodi chida chiwerenge mndandanda wa mwanayo? Nanga mwana akafuna mtundu wina wa kachigawo komwe kholo likufunanso pa mtundu wosiyana, amvedwe ndani? Pa gclient, mndandanda wa mwana suwerengedwa pokhapokha kholo litautchula mwachindunji. Pa west, mindandanda itha kuitanirana, koma dzina likatchulidwa kawiri, lomwe linayamba kutchulidwa ndilo limapambana, kotero mwini ntchito yakunja ndiye amakhala ndi mawu omaliza. Pa submodule palibe woweruza: aliyense amabwera ndi kope lake, ndipo kachigawo kamodzi katha kupezeka kawiri kapena katatu m'pulogalamu imodzi, pa misinkhu yosiyana. Cholakwika chikakonzedwa m'kope limodzi, enawo amatsala nacho.

Kulowa m'nkhokwe zamkati mosafunsa kuli ndi mbali ya chitetezo. Git imalola kuti m'kafoda ka .git mukhale timapulogalamu totchedwa hooks, tomwe timayamba tokha pakachitika zinthu zina. Pachifukwa chimenechi, timapulogalamuti sitiyenda nawo munthu akamakopa nkhokwe ya mlendo. Mu Meyi 2018 kunadziwika kuti wachinyengo atha kulemba dzina la submodule mwaukathyali m'fayilo ya .gitmodules, kotero kuti Git iike mafayilo ake pamalo pomwe hooks zimawerengedwa. Wokopa nkhokwe yotere pamodzi ndi ma submodule ake ankayendetsa pulogalamu ya mbalayo asanatsegule fayilo ngakhale imodzi. Bowolo linatsekedwa, koma mu Meyi 2024 kunapezeka lina la mtundu womwewo, lokhudza makompyuta omwe sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo, monga ambiri a Windows ndi macOS. Linakonzedwa mu Git 2.45.1 ndi m'mitundu ina yomwe inatuluka tsiku lomwelo. Wogwiritsa ntchito Git yakale yomwe sinakonzedwe chiikireni akadali pangozi.

Makampani ena akuluakulu anasankha kuthawa nkhani yonseyi posunga chilichonse m'nkhokwe imodzi. Mu 2016 akatswiri awiri a Google, Rachel Potvin ndi Josh Levenberg, anafotokoza kuti mapulogalamu ambiri a mkati mwa kampaniyo ali m'nkhokwe imodzi ya mizere pafupifupi 2 biliyoni. Mu 2017 Microsoft inasamutsira Windows m'nkhokwe imodzi ya Git ya mafayilo pafupifupi 3.5 miliyoni, yolemera 300 GB. Onse awiri anachita kupanga zida zawozawo kuti katundu wotere anyamulike. Chodabwitsa n'chakuti nzeru yomweyi imakomera kwambiri timagulu tating'ono. Anthu asanu olemba pulogalamu imodzi kawirikawiri alibe chifukwa chogawira ntchito yawo m'nkhokwe zisanu ndi ziwiri. Amatero pongotengera zomwe aona kwa akuluakulu. Ndipo zigawo zomwe eni ake anazimaliza kale n'kuzipatsa manambala n'kwabwino kuzitenga kudzera m'zida zogawira monga npm, pip kapena Maven. Nkhokwe mkati mwa nkhokwe imayenera pomwe mbali ziwirizo zili ndi eni osiyana, koma zikusinthidwa limodzi.

Kwa olemba mapulogalamu a kuno kwathu pali chowonjezera: mtengo wa intaneti. Lamulo lokopa nkhokwe ndi zamkati zake zonse silinena pasadakhale kuchuluka kwa zomwe litsitse, ndipo submodule imodzi itha kukhala ndi ina mkati, nayonso ndi ina. Google imalangiza wofuna kutsitsa ndi kumanga Android kuti akhale ndi malo okwana 400 GB pa kompyuta yake. Ntchito zambiri sizifika pamenepo, komabe bandulo ya mwezi itha kutha usiku umodzi. Kuwerenga kaye fayilo ya .gitmodules kapena manifest, ndi kutsitsa commit yomaliza yokha m'malo mwa mbiri yonse pogwiritsa ntchito --depth 1, kumapulumutsa ndalama.

Koma omwe nkhaniyi ingawapweteke kwambiri si olemba mapulogalamu ayi. Ndi mabungwe, makampani ndi maofesi omwe amalipira ena kuti awalembere mapulogalamu, mgwirizano uli wakuti pomaliza alandira source code yonse. Pa mapulogalamu oikidwa poyera, monga DHIS2 ya ku University of Oslo yomwe Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala, nkhokwe zake zili pa GitHub pomwe aliyense atha kuzifikira. Pa pulogalamu yolembedwa mwapadera zinthu zimasiyana. Ofesi itha kupatsidwa nkhokwe yooneka yathunthu, ya mafoda ambirimbiri ndi mbiri ya zaka zitatu, pomwe zigawo zofunika kwambiri ndi timizere toloza nkhokwe zachinsinsi za kontrakitala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nthawi zambiri sipakhala chinyengo: pa makompyuta a wolembayo zonse zimaoneka, ndipo iye mwini sazindikira kuti wapereka chikwama chopanda kanthu. Zimadziwika patapita zaka, mgwirizano utatha, akaunti ija itatsekedwa, ndipo katswiri watsopano atapemphedwa kukonza kanthu kakang'ono.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama zambiri. Asanasainire kuti ntchito yalandiridwa, katswiri wa ofesiyo atenge kompyuta yomwe sinagwirepo ntchitoyo, yopanda makiyi kapena mawu achinsinsi a kontrakitala. Akope nkhokweyo kuchokera pa akaunti ya ofesi, atsegule .gitmodules kapena manifest n'kuona ngati adiresi iliyonse ikuloza malo omwe ofesiyo ili nawo ulamuliro kapena malo a poyera, kenako amange pulogalamuyo kuyambira pachiyambi mpaka iyende. Foda iliyonse yomwe ipezeke yopanda kanthu ilembedwe pa mndandanda wa zomwe kontrakitala sanaperekebe, ndipo malipiro omaliza adikire.